Kilomita ya pa foni ili ngati ndowa ya pamsika

Achinyamata ambiri tayamba kuthamanga, ndipo ndi nkhani yabwino. M'mawa uliwonse m'misewu ya Zomba, Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu mumapezeka anthu ali wefuwefu, foni ili m'manja kapena yomangirira pamkono. Akamaliza amaonetsa anzawo kamzere kokhotakhota pamwamba pa mapu, pansi pake manambala atatu: mtunda, nthawi ndi liwiro. Wina makilomita 5.21, wina 10.04. Kuthamangako ndilibe nako mlandu. Mlandu wanga uli pa manambala awiri a kumapeto aja. Foni ikalemba 10.04 ikudzitama kuti ikudziwa mtunda umene mwathamanga mpaka pa mamita 10. Siikudziwa, ndipo singadziwe.

Maganizo anga ndi akuti amene akufunadi kudziwa liwiro lake ayeze msewu wake kamodzi, modekha, pa mapu kapena pansi penipeni, kenako azidalira wotchi. Pulogalamu ya pa foni ikhale kope losungamo zimene tachita, osati woweruza.

Chimandidabwitsa n'chakuti ife tinakulira m'dziko limene muyeso suukhulupiriridwa wamba. Mayi akamagula chimanga amayamba atembenuza ndowa kuti aone ngati pansi pake sipanamenyedwe kuti palowe mkati. Mlimi wa soya sachotsa diso pa sikelo ya venda. A Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo ndi mapampu a mafuta chifukwa boma nalo likudziwa kuti choyezera chimafunika kuyezedwa. Nzeru yonseyi timakhala nayo pamsika, koma foni ikangolemba nambala timaivomera ngati yachokera kumwamba.

Kunena zoona, kumwambako imachokeradi, ndipo mpamene pagona nkhani. GPS ndi gulu la masetilaiti a dziko la America amene amazungulira dziko lapansi pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi. Lililonse lili ndi wotchi yolondola kwambiri ndipo limangoulutsa uthenga wonena kuti lili pati ndiponso nthawi ili bwanji. Foni yanu imamvetsera uthengawo, n'kuona kuti watenga nthawi yaitali bwanji kuti ufike, n'kuwerengera kuti setilaitiyo ili kutali bwanji. Ikamva masetilaiti osachepera anayi imatha kunena pamene mwaima. Mafoni ambiri a masiku ano amamvetseranso masetilaiti a Galileo a ku Ulaya, GLONASS a ku Russia ndi BeiDou a ku China. Foniyo siitumiza kanthu kumwamba, imangomvetsera, n'chifukwa chake imatha kujambula njira yanu ngakhale bandulo itatha.

Uthengawu umayenda pa liwiro la kuwala, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Mukagawa sekondi m'zigawo miliyoni imodzi, kuphonya kachigawo kamodzi kokha ndi kuphonya mamita 300. Mukaganizira zimenezi, n'zogometsa kuti foni ya m'thumba imalondola mmene imalondoleramu. Mwezi wa May 2000 usanafike, boma la America linkasokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba, moti chipangizo chinkatha kuphonya ndi mamita ofika 100. Lero foni ikakhala pabwalo popanda chotchinga imaphonya ndi mamita pafupifupi 5.

Mamita 5 si kanthu ngati mukufuna nyumba ya maliro kapena malo okwerera basi. Kwa wothamanga ndi nkhani ina. Pulogalamu imalemba kadontho pafupifupi sekondi iliyonse, n'kulumikiza timadonthoto ndi timizere, n'kuphatikiza utali wa timizereto. Munthu amene akuthamanga kilomita imodzi pa mphindi 6 amayenda mamita osakwana atatu pa sekondi. Ndiye kuti foni ikuyeza sitepe ya mamita atatu ndi lula amene mwini wake amaphonya ndi mamita asanu. Kadontho kena kagwera kumanzere kwa msewu, kena kumanja, ndipo mzere umene inu munauthamanga mowongoka umatuluka ngati njira ya woledzera. Mzere wokhotakhota ndi wautali kuposa wowongoka, choncho foni yakuwonjezerani mtunda. Pokhota zimachitika mosiyana. Foni ikadumpha timadontho tingapo imadula kona, n'kukudutsitsani m'munda mwa eni, ndipo mtunda wachepa. Opanga mapulogalamu amasalaza mizereyi ndi masamu awo, ndipo zolakwika zina zimafafanizana, koma pulogalamu iliyonse imasalaza mwa njira yake. Anthu awiri othamanga phewa ndi phewa amamaliza ndi manambala awiri osiyana, ndipo aliyense amakhulupirira yake.

Malo amene mukuthamangamo amawonjezera zawo. Masamba a mitengo amafooketsa uthenga. Makoma aatali ndi matanthwe amaubweza ngati mawu m'phanga, moti umafika mochedwa ndipo foni imaganiza kuti muli kwina. Amene amathamanga marathoni ya ku Chicago amachidziwa chimenechi. Pakati pa nyumba zosanja za mumzindawo mawotchi odula amasokonezeka m'makilomita oyamba omwe, ndipo ozolowera amangoyang'ana zikwangwani za m'mbali mwa msewu. Ife nyumba zotero tilibe zambiri, koma tili ndi misewu ya mitengo ikuluikulu ya ku Zomba, nkhalango za paini za pamwamba pa phiri, ndi zigwa za ku Mulanje. Onjezerani foni imene ili m'thumba la kabudula, thupi lanu litaitchinga mbali imodzi, batire ili pa 15 peresenti ndipo yayamba kutseka mapulogalamu kuti isunge moto. Mafoni ndi mawotchi odula amene amamvetsera masetilaiti pa mafunde awiri amachita bwinoko, koma ndi angati a ife amene ali nawo?

Wina anena kuti kuphonyako n'kochepa. Tiyeni tiwerengere. Mwathamanga makilomita 5 enieni m'mphindi 30, kutanthauza mphindi 6 pa kilomita. Foni itangowonjezera magawo atatu pa 100 alionse, ilemba 5.15, ndipo liwiro lanu lioneka ngati mphindi 5 ndi masekondi 50. Masekondi 10 pa kilomita amenewo munthu amawavutikira milungu ingapo kuti awapeze. Foni ikhoza kukupatsani lero mwaulere n'kukulandani mawa, inu thupi lili chimodzimodzi. Tsiku loyamba mudzitama pachabe, lachiwiri mukhumudwa pachabe. Ndipo alipo anthu amene nkhaniyi si yongosangalatsa mtima. Mnyamata amene akukonzekera mayeso othamanga olowera usilikali, kapena mtsikana amene akufuna kusankhidwa mu timu ya sukulu yake, akakhulupirira liwiro limene alibe adzalidziwa bodzalo pa tsiku limene sangalikonzenso.

Palinso kabodza kena kamene sikachokera kumwamba koma kwa ife eni. Mapulogalamu ngati Strava amasiyanitsa nthawi imene munali kuyenda ndi nthawi yonse imene yadutsa, ndipo liwiro limene amaonetsa patsogolo kawirikawiri limachokera pa yoyambayo. Mwaima kudikira minibasi idutse, mwaima kumanga chingwe cha nsapato, mwaima kupuma pamwamba pa chitunda manja ali m'mawondo, wotchi ya pulogalamu nayo yaima. Mwapumula mphindi zitatu koma sizinalembedwe paliponse poonekera. Wotchi ya mpikisano siidikira munthu. Amene akufuna kudziwa zoona za thupi lake aziwerenga nthawi yonse, kuyambira pamene wanyamuka mpaka pamene wafika.

Kuti tione mmene muyeso weniweni umachitikira, tiyang'ane kwa amene ntchito yawo ndi yomweyi. Marathoni ndi makilomita 42.195, mtunda umene unathamangidwa pa Olimpiki ya ku London mu 1908, kuchokera ku Windsor kukafika pa bwalo la White City, ndipo unakhazikitsidwa kukhala wa onse mu 1921. Mipikisano imene World Athletics ndi AIMS amaivomereza siiyezedwa ndi GPS. Imayezedwa ndi njinga yakapalasa. Pa gudumu lakutsogolo amamangapo kachipangizo kowerenga kuzungulira kwa gudumulo, kotchedwa Jones counter, kamene Alan Jones anapanga mu 1971. Woyeza amayamba wayeza ndi tepi yachitsulo kachigawo ka msewu wowongoka kosachepera mamita 300. Amapalasa pamenepo kangapo kuti adziwe kuti kachipangizoko kamawerenga zingati pa kilomita. Kenako amapalasa msewu wonse wa mpikisano motsata njira yaifupi kwambiri imene wothamanga angadutse, kudula kona iliyonse masentimita 30 kuchokera m'mphepete. Akamaliza amabwerera pa kachigawo kaja kukayesanso njingayo, chifukwa tayala limasintha dzuwa likatentha. Pomaliza amawonjezera mita imodzi pa kilomita iliyonse, mamita 42 pa marathoni, kuti msewu usapezeke woperewera.

Izi zikufotokoza chifukwa chake anthu ambiri akamaliza mpikisano woyezedwa bwino foni zawo zimalemba mtunda wopitirira, n'kuyamba kudandaula kuti awabera. Palibe amene amathamanga njira yaifupi ija ndendende. Mumazemba anzanu, mumapatukira ku tebulo la madzi, mumakhota motalikira. Mukaphatikiza ndi kukhotakhota kwa timadontho, mamita mazana angapo apezeka. Pa mkangano wa foni ndi njinga, njinga ndiyo ili ndi umboni.

Chimene chimachititsa anthu kuvutika chonchi ndi chilungamo. Pa 12 October 2019 ku Vienna, Eliud Kipchoge anathamanga marathoni m'maola 1:59:40, pafupifupi mphindi 2 ndi masekondi 50 pa kilomita iliyonse. Anatsika pansi pa maola awiri ndi masekondi 20 okha. Gawo limodzi pa 100 la marathoni ndi mamita 422, ndipo pa liwiro lakelo ndi masekondi opitirira 70. Msewu ukanaperewera ndi kagawo kamene ife timati n'kochepa, ntchito yonse ikanakhala yopanda tanthauzo. Ndipo zoterezi zinachitikapo. Mu 2016 zinadziwika kuti marathoni ya ku Manchester inali yoperewera ndi mamita 380 m'zaka za 2013, 2014 ndi 2015, ndipo nthawi za anthu zikwizikwi zinasiya kuwerengedwa. Anthu anakonzekera miyezi, analipira, anathamanga ndi mtima wonse, koma muyeso unawagwiritsa fuwa lamoto. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Ine ndingowonjezera kuti n'kumalizanso pa mtunda umodzi. Nthawi ya wothamanga wa ku Mulanje ingayerekezedwe ndi ya wa ku Eldoret pokhapokha kilomita yawo ili imodzi.

Nanga ife amene tilibe kachipangizo ka Jones titani? Njira zilipo, ndipo zambiri sizilira ndalama.

Yoyamba ndi mapu omwewo a pa intaneti, koma owagwiritsa ntchito mutakhala pansi. Google Maps ili ndi chida choyezera mtunda. Pa kompyuta mumadina batani lakumanja la mausi pamalo oyambira n'kusankha Measure distance, ndipo pa foni mumakanikiza chala pamalopo mpaka kachikhomo kaoneke, n'kusankha mawu omwewo. Sinthani mapuwo kuti aonetse chithunzi cha kumwamba, akulitseni mpaka madenga ndi mitengo zizioneka, kenako ikani timadontho motsata mbali ya msewu imene mumathamangadi. Powongoka timadontho tiwiri n'tokwanira. Pokhota ikani tambiri, chifukwa chidachi chimalumikiza ndi mizere yowongoka ndipo mukachita ulesi chidzadula kona ngati foni ija. Musadalire mtunda umene mapu amapereka mukafunsa njira ya galimoto, chifukwa umenewo umatsata msewu umene kompyuta yasankha, ndipo tinjira tambiri ta m'makwalala mwathu sitinalembedwe bwino. Ubwino wa chithunzi ndi wakuti sichigwedezeka. Mukayeza katatu n'kupeza manambala oyandikana, mwaupeza mtunda wanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ena amaopa kuti mapu amayeza ngati dziko ndi lafulati pamene msewu wawo ndi wa zitunda. Masamu akuti musade nkhawa. Pa chitunda chimene chimakwera mamita 10 pa mamita 100 alionse, chomwe ndi chitunda chenicheni chotulutsa thukuta, mtunda wa pansi umaposa wa pa mapu ndi theka la mita pa mamita 100. Chitunda chimadya mpweya ndi nthawi, osati mamita. N'chifukwa chake kuyerekeza liwiro la pa kilomita la munthu wa mu Porters Race ya pa phiri la Mulanje ndi la munthu wothamanga pa msewu wosalala wa ku Lilongwe n'kungotaya nthawi.

Mukaupeza mtunda, umangirireni ku zinthu zosasuntha. Kuyambira pa geti ya tchalitchi kufika pa mlatho ndi kilomita imodzi, kufika pa mjigo ndi ziwiri, kufika pa mtengo wa mango wa pamphambano ndi ziwiri ndi theka, pobwerera zakwana zisanu. Zikatero chimene mukufunika ndi wotchi basi, ngakhale ya pa kafoni ka mabatani. Gawani mphindi ndi makilomita, liwiro lanu ndi limenelo. Ngakhale mutaphonya ndi mamita 20 poyeza, kuphonyako kudzakhala komweko Lolemba, Lachitatu ndi mwezi wamawa, ndiye kusintha kulikonse kwa nthawi kudzakhala kwa miyendo yanu.

Njira yachiwiri ndi bwalo. Bwalo lothamangirapo lovomerezeka, ngati la pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, ndi mamita 400, koma m'kanjira koyamba kokha, ka mkati kwenikweni. Kachiwiri kamawonjezera mamita pafupifupi 7, ndipo kachisanu ndi chitatu kamapitirira mamita 450. Komanso bwalo ndi malo amene GPS imavutika kwambiri chifukwa mumangokhota, ndiye pamenepo foni ikani m'chikwama, muziwerenga maulendo. Chenjezo lalikulu lipite kwa ambirife amene timazungulira bwalo la mpira n'kumati ulendo umodzi ndi mamita 400. Bwalo la mpira la muyeso wa mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi, mukalizungulira motsata mzere, ndi mamita 346. Maulendo 25 amene mumati ndi makilomita 10 ndi 8.65, ndipo mabwalo ambiri a m'masukulu mwathu ndi aang'ono kuposa pamenepo. Kubwereka tepi kwa mmisiri womanga nyumba n'kuyeza mbali zinayi ndi ntchito ya theka la ola, ndipo timu yonse idzadya phindu lake zaka.

Yachitatu ndi njinga yomwe ija, mwa njira ya kumudzi. Mangani kansalu pa sipoko imodzi, lembani pansi pamene kansaluko kali, kankhani njinga mowongoka mpaka gudumu lizungulire kakhumi, yezani ndi tepi n'kugawa ndi 10. Kenako kankhani njingayo m'njira yanu yonse mukuwerenga, mnzanu akuthandizeni kuti musasokoneze. Ndi yotopetsa, koma mfundo yake ndi yomweyo imene amayezera misewu ya London ndi Berlin.

Ndikudziwa zimene okonda mapulogalamu anganene, ndipo zina ndikuvomereza. Ambiri sakanadzuka m'mawa pakanapanda kamzere kaja ndi anzawo oombera m'manja. Mabwalo oyezedwa ndi ochepa m'dziko muno. Munthu amene akuthamanga kuti achepetse thupi kapena kuthamanga kwa magazi alibe nazo ntchito zoti ndi 4.9 kapena 5.1, ndipo akunena zoona. Pa kuwerengera kuti mwezi uno mwathamanga makilomita angati, kapena mukakhala m'dera lachilendo, pulogalamu ndi yothandiza kwambiri. Sindikuti tiichotse. Ndikuti tidziwe funso limene ingayankhe. Ingakuuzeni kuti mwathamanga pafupifupi makilomita asanu. Singakuuzeni kuti lero mwaposa sabata yatha ndi masekondi 8. Ngati mukuigwiritsa ntchito, ithandizeni: imani pabwalo mphindi imodzi musanayambe kuti ipeze masetilaiti okwanira, zimitsani chosungira batire, musaibise pansi pa zovala, ndipo nambala ya liwiro imene imasinthasintha muli mkati mothamanga musaitengere kumtima. Yang'anani ya kilomita yathunthu. Kumbukiraninso kuti kamzere kamene mumaonetsa anthu kamayambira pakhomo panu ndipo kamanena ola limene mumatuluka. Mu 2018 mapu a Strava osonyeza kumene anthu amathamanga anaulula malo a misasa ya asilikali m'mayiko angapo. Ngati anaulula misasa, hositelo ya atsikana sangaibise. Msewu woyezedwa kale ndi wotchi ya pamkono siziuza munthu aliyense kumene mumagona.

Mawu anga omaliza apite kwa okonza mipikisano ya m'misewu, imene ikuchuluka chaka ndi chaka, ya makampani, ya mipingo ndi ya ophunzira. Kuyendetsa galimoto n'kuwerenga pa dashibodi si kuyeza, ndipo kutuma mnyamata ndi foni si kuyeza. Mukalemba pa chikwangwani kuti makilomita 10 kapena 21, mwalonjeza, ndipo pali mwana wina amene nthawi ya tsiku limenelo ndiyo chikalata chokha chimene angaonetse kwa mphunzitsi wa masewero kapena wofuna kumuthandiza. Ngati msewu sunayezedwe mwa dongosolo, nenani poyera kuti mtundawo ndi wongoyerekeza, palibe amene adzakudeni. Ndipo ife othamanga, tisanalipire ndalama yolembetsera, tizifunsa funso limene amayi athu amafunsa pamsika tsiku lililonse: anayeza ndani, ndipo anayeza ndi chiyani?